Kulondola mabwinja a ku Magomero ndi mapu akale: momwe ntchito ikuyendera

Epulo, kumapeto

Tagwirizana kuyamba ndi dera laling'ono: kuchokera pamsika wa Namadzi, pamsewu wa Blantyre ndi Zomba, kutsika ndi mtsinje wa Namadzi chakum'mawa mpaka ku Magomero, kenaka kulowera kummwera mpaka pomwe miyendo ingatifikitse. Funso lathu n'limodzi. Midzi imene ili m'derali lero inali pati kale, nanga inasamuka liti, pa chifukwa chanji? Tikufuna kuti pomaliza pakhale mapu amene mwana wasukulu angatambasule n'kuloza pamene panali mudzi wa makolo ake m'zaka za m'ma 1860, m'nthawi ya thangata, komanso boma litagula malo kwa azungu.

Tilipo ochepa: ine, aphunzitsi a jogalafe a pasekondale ina yoyendera, ndi anyamata awiri amene anamaliza Fomu 4 ndipo kompyuta amaidziwa bwino. Ndalama zake n'zam'thumba mwathu, choncho tiziyenda pang'onopang'ono.

Tasankha Magomero chifukwa mapepala ake ndi ochuluka kuposa a madera ambiri akumudzi m'Malawi muno. Amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anamanga pano mu Julayi 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Patapita zaka pafupifupi 30, malo onsewa anagwera m'manja mwa Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, ndipo banja lake linakhala ndi maekala oposa 160,000. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, pa Magomero pomwepa. Chilichonse mwa zitatuzi chinachititsa azungu kulemba ndi kujambula. Zida zathu ndi laputopu imodzi yokhala ndi pulogalamu yaulere yopangira mapu yotchedwa QGIS, GPS ya m'mafoni, ndi mapu a boma a sikelo ya 1:50,000 amene aphunzitsi abwereka kusukulu kwawo.

Meyi

Mapu akale kwambiri amene tapeza ndi a John Arrowsmith wa ku London, osindikizidwa mu 1865 potsata miyeso ya David Livingstone ndi anzake a paulendo wa ku Zambezi. Ali pa intaneti, ojambulidwa bwino moti amakulitsika. Akuonetsa Shire, nyanja ya Chilwa imene Livingstone anaifika mu Epulo 1859, phiri la Zomba ndi la Mulanje. Koma dera lathu lonse ukhoza kuliphimba ndi nsonga ya chala. Mapu otere sangatiuze kuti mudzi wa Chigunda, mfumu ya Amang'anja imene inalandira amishoni aja, unali tsidya liti la mtsinje.

Aphunzitsi atifotokozera chifukwa chake malo ena pa mapu a nthawi imeneyo amaoneka osendera kum'mawa kapena kumadzulo. Pofuna kudziwa mtunda wochokera ku ikweta, apaulendowo ankayeza dzuwa kapena nyenyezi ndi chipangizo chotchedwa sextant, ndipo ankalondola ndithu. Za kum'mawa ndi kumadzulo ankadalira wotchi yosunga nthawi ya ku Greenwich, ndipo wotchi yoyenda nayo m'mapiri ndi m'madambo siichedwa kusokonekera. Ikataya mphindi imodzi yokha, kuno kwathu malo amasendera makilomita pafupifupi 27 pa pepala. Choncho tagwirizana kuti mapu a 1865 tiziwafunsa za njira ndi mayina basi, osati za pamene chinthu chinali.

Njirayo ikugwirizana ndi zolembedwa. Amishoni anachokera kwa Chibisa, ku Chikwawa, nakwera mapiri kudzera kwa Mbame, kumene pa 16 Julayi 1861 David Livingstone, amene ankayenda nawo, ndi anthu ake anamasula akapolo 84 amene ankapita nawo ku Tete. Anthu amenewa ndiwo anakhala mbali yaikulu ya mudzi wa mishoni. Zolemba za amishoniwo zimati anamanga pamalo amene mtsinje wa Namadzi umakhota n'kutsala pang'ono kuwazungulira, ndipo mbali yotsalayo anaitseka ndi mpanda. Sanakhalitse. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire, mmishoni mnzake Henry Burrup anamwalira mwezi wotsatira naikidwa pa Magomero, ndipo mu Epulo otsalawo anabwerera kwa Chibisa. Manda a Burrup ndiwo takhomapo chikhomo chathu choyamba, pakuti ndi malo amene mapepala a 1862 ndi nthaka ya lero zikuvomerezana popanda mtsutso.

Taonanso mapu a Bertram Sclater a mu 1893. Iyeyu anali msilikali wokonza misewu m'boma la Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, ndiye maso a Sclater anali pa njira, mitsinje yowoloka ndi zitunda. Atithandiza pa nkhani ya misewu.

Meyi, kumapeto

Mlungu uno tinali ku Zomba, ku National Archives. Anatilandira bwino ndipo anatiuziratu chimene wofufuza aliyense ayenera kudziwa asanayambe kuitanitsa mafayilo: mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anapsera momwemo. Za nthawi imeneyo munthu amadalira makope amene anatumizidwa ku London, ndi zosungidwa ndi mipingo kapena makampani. Tikapita ku Blantyre tikaonanso laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House.

Chimene chandigwira mtima ndi nkhani ya zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Kuyambira mu 1892, Johnston anayamba kuunika zonena za azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti kapena wonga, ndipo amene anawavomereza anawapatsa zikalatazi. Malire ankalembedwa ndi mawu: kuchokera pamtsinje wakuti, kulunjika phiri lakuti, kutsika ndi khwawa lakuti. M'zikalata zambiri munali chiganizo choti midzi ndi minda zimene zinalipo pa tsiku losainira zisasokonezedwe kapena kuchotsedwa popanda chilolezo cha boma. Pakamwa chiganizochi chinali chabwino. Vuto linali lakuti midziyo sanailembe mayina, sanaiwerenge, sanaiike pa mapu. Zojambula za malire a maesiteti zimene taona zili choncho: mzere wa malire wokhathamira bwino, mitsinje, nsonga za mapiri, koma m'kati mwake pepala langoti mbee.

Tsono taganizani. Anthu a nthawiyo ankalima munda zaka zingapo, nthaka ikaguga n'kutsegula mphanje pena, mudzinso n'kusendera. Mudzi ukangosuntha, mwini esiteti ankati awa si aja anatetezedwa ndi chikalata, ndi alendo pamalo anga, alipire lendi kapena agwire thangata. Ndani akanamutsutsa, popeza panalibe pepala losonyeza amene analipo poyamba? Mu 1903 woweruza Nunan, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anagamula kuti eni nthaka oyambawo ali ndi ufulu wawo pamalopo, koma chigamulocho sichinasinthe zambiri m'minda. Pamene Alomwe ankalowa ambirimbiri kuchokera ku Mozambique, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, iwo analibiretu chitetezo chilichonse, ndipo pomanga ankachita kulozeredwa ndi eni esiteti.

Apa ndi pamene ntchito yathu yagona. Pepala likakhala loyera sizitanthauza kuti pamalopo panalibe anthu. Komanso tisathamangire kunena kuti paliponse poyera panali mudzi wobisidwa. Njala ya 1862 ndi 1863 inapululadi anthu m'dera lino, nkhondo za akapolo zinabalalitsa ena, ndipo Angoni atawoloka Shire mu 1884 ambiri anathawira m'mapiri monga Chiradzulu, kusiya zigwa zili pululu. Pena panalidi thengo, pena panali anthu amene wojambula sanaone chifukwa chowalembera. Tiyenera kusiyanitsa ziwirizi, ndipo mapu paokha sangatero.

Juni

Mwezi uno wathera pa laputopu, kunja kukuzizira ndi chiperoni. Anyamata ajambula mapu onse ndi sikana ndipo tayamba kuwasanjika pamwamba pa zithunzi za setilaiti za masiku ano. Kachitidwe kake n'kotere: umasankha malo amene akuoneka pa mapu akale ndi pa chithunzi chatsopano pomwe, n'kuuza QGIS kuti apa ndi apa ndi pamodzi. Ukapereka malo okwanira, pulogalamuyo imakoka pepala lakalelo kuti ligone pa latsopano. Zili ngati kuyala chitenje patebulo: ukakoka ngodya imodzi mopitirira, ina imachita makwinya. Ndiye malo osankhawo ayenera kumwazikana pepala lonse, osaunjikana mbali imodzi.

Mapu a 1:50,000 ndiwo msana wa ntchitoyi. Masentimita awiri pa pepala ndi kilomita imodzi pansi, ndipo pepala lililonse limatenga dera la makilomita pafupifupi 27 mbali zonse. A dera lathu nambala zawo zimayamba ndi 1535, kutanthauza madigiri 15 kummwera ndi 35 kum'mawa. Chiyambi chawo ndi bungwe la ku Britain limene linakhazikitsidwa mu 1946 ndi dzina la Directorate of Colonial Surveys, lomwe mu 1957 linasintha kukhala Directorate of Overseas Surveys. Iwo ankajambula dziko ali m'ndege, n'kukapanga mapu kuchokera pa zithunzizo. N'chifukwa chake pa mapu amenewa nyumba za anthu zikuoneka, timadontho tating'ono tomwazikana m'mbali mwa njira ndi m'mitsinje. Kamera siisankha cholemba ngati mmene ankachitira woyeza malire a esiteti.

Pali chinthu chimodzi chimene aliyense woyamba ntchito yotere m'Malawi ayenera kudziwiratu. Manambala a m'mphepete mwa mapu akalewa anawerengedwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950, pomwe GPS ya m'foni imagwiritsa WGS 84. Ukatenga nambala ya pa foni n'kuiika pa mapu osaisintha, umagwera pambali ndi mamita mazana awiri kapena atatu. M'tauni mwina sungadandaule, koma kuno mtunda umenewo ukhoza kuika bwinja tsidya lina la mtsinje, m'dera la mfumu ina, m'boma linanso, pakuti Namadzi ndiye malire a Zomba ndi Chiradzulu. QGIS imatha kusintha yokha ukaiuza muyeso woyenera.

Za malo okhomapo zikhomo, taona kuti nsonga za mapiri ndi milatho ya pamsewu waukulu n'zodalirika. Mphambano za tinjira ayi, zimasuntha. Mathiriro a timitsinje nawonso ndi okayikitsa, makamaka chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula magombe ndi kutsegula makwawa atsopano m'boma la Chiradzulu. Mayina a midzi ndiwo osadalirika kuposa zonse, chifukwa dzina limatsata mfumu ndi mbumba yake. Anthu akasamuka, dzina limasamuka nawo. Dzina lomwelo likhoza kuoneka pa mapu awiri koma pamalo otalikirana makilomita, ndipo mapu onse awiri n'kukhala olondola pa nthawi yake.

Julayi

Tayamba kuyenda. Tisanaponde m'munda wa munthu aliyense tinayamba taonekera kwa a Gulupu, iwo n'kutitumiza kwa mafumu a midzi. Sizinali zongodutsa. Anthu akaona alendo atanyamula mapu ndi foni yoyezera malo amaganiza za chinthu chimodzi, ndipo sindiwaona olakwa. Boma la Chiradzulu lili ndi anthu oposa 350,000 malinga ndi kalembera wa 2018, pa malo osafika masikweya kilomita 800. Munda wa theka la ekala ndi chuma chokanganirana. Kuwonjezera apo, chibwerereni lamulo la malo a makolo la 2016, nkhani ya kulembetsa minda ili pakamwa pa aliyense. Amfumu ena anatifunsa mosapsatira: "Aphunzitsi, mapu anuwa mawa sadzasanduka umboni kubwalo la milandu?" Tinayankha kuti wawa, ife malire a minda ya lero sitikuyeza, tikufuna mabwinja okha, ndipo chilichonse tikalemba tidzabwera nacho pabwalo lawo chisanapite kwina. Anatipatsa munthu wotiperekeza. Lonjezo limeneli tilisunga.

Tasindikiza mapu pa mapepala aakulu kuti tiziyala pamphasa. Poyamba agogo ambiri amangowayang'ana osanena kanthu. Zimasintha tikatembenuza pepala kuti phiri la pa mapu liloze kumene kuli phiri lenileni, n'kuyamba ndi mtsinje. Akangouzindikira mtsinje, chala chimayamba kuyenda chokha: apa pamadooka, apa panali chitsime, apa tinkatema bango.

Odziwa kwambiri ndi amayi. Kuno n'kwa chikamwini, malo amayenda m'mbumba, mwamuna amachita kubwera. Abambo okalamba amafotokoza bwino za akapitawo, za msonkho, za ulendo wa ku Salisbury kapena ku Joni, koma ukafunsa kuti nyumba ya amayi awo a apongozi inali pati, amaitana akazi awo. Anganga ena, amene sakuyendanso mtunda wautali, anatilondolera ali pakhonde: "Ana anga, mukadutsa mango atatu aja mutsike kumanzere, mukapeza mphero yosweka pansi pa mkuyu. Pamenepo ndiye pamudzi pathu pakale." Tinaipeza mpheroyo. Pozungulira pake, m'mizere ya chinangwa, munali mapale ambiri, ndipo dothi lake linali lakuda ndi phulusa kusiyana ndi la munda woyandikana nawo.

Zizindikiro za bwinja tsopano tazizolowera: mitengo ya mango ikuluikulu yoima pamodzi pakati pa munda, mapale, mphero, timilu ta dothi pamene panagwera zipupa, nthaka yakuda pamene panali dzala. Sititola kanthu. Timajambula, kulemba nambala ya GPS, n'kusiya chilichonse pamene tachipeza.

Koma chodalirika kuposa zonsezi ndi manda. Mudzi umasamuka, manda sasamuka. Anthu amatha kukhala makilomita angapo kuchokera pamene makolo awo ankakhala, koma maliro akachitika amanyamula chitanda kubwerera kumsitu wakale. Ndiye tikapeza mudzi umene manda ake ali kutali, kudutsa midzi ina, timadziwa kuti pali nkhani ya kusamuka yofunika kuifunsa. Funso lakuti "mumaika kuti?" latitsegulira zambiri kuposa funso lakuti "munachokera kuti?" Kumanda sitilowa. Timaima kunja kwa msitu pamodzi ndi wotiperekeza, n'kuyeza tili pomwepo.

Ogasiti

Tapeza zithunzi zingapo za m'ndege za m'ma 1960 kudzera ku dipatimenti ya boma yoona za mapu. Zina zakale kuposa izi, zimene ndege za asilikali a Britain zinajambula nkhondo yachiwiri itatha, zimasungidwa ku Edinburgh, ku National Collection of Aerial Photography, kumene kunapita zithunzi za bungwe lija la Directorate of Overseas Surveys. Zimenezo tiyamba tafunsa mtengo wake.

Zithunzizi ankazijambula molowana, chilichonse kubwereza mbali yaikulu ya chinzake, kuti ukaika ziwiri pansi pa magalasi otchedwa stereoscope uziona zitunda zitatukuka ndi zigwa zitazama. Aphunzitsi anali nawo magalasiwo m'kabati ya kusukulu. Maso amatopa msanga, ndipo poyamba umangoona imvi zokhazokha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukazolowera, madenga audzu amaoneka, mabwalo oseseredwa amawala, tinjira timaoneka ngati ulusi woyera, ndipo manda amaonekera patali: kagulu ka mitengo kakuda bii pakati pa minda yoyera. Mapu a 1:50,000 ambiri mwa manda amenewa sanawalembe, koma pa chithunzi ali pomwepo. Tawayerekeza ndi amene tinayeza mwezi watha ndipo akugwera pamodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti misitu ina yachepa, minda yaidya m'mbali. Tsopano mandawa ndiwo tikugwiritsa ntchito ngati zikhomo zoyalira zithunzi pa QGIS, ndipo zikugona bwino kuposa pamene tinkadalira mphambano.

Madambo ndiwo asintha moomvetsa chisoni. Pa zithunzi zakale akuoneka otambalala, a udzu okhaokha, opanda mzere ndi umodzi womwe. Lero ndi madimba mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo pena mtsinje wakumba ngalande yozama pamene kale madzi ankangoyenderera. Agogo akamati kuno kunali kodyetsera ng'ombe ndi komweta udzu wofolera, chithunzi chikuwavomereza.

Za esiteti zikuonekanso. Pali misewu yowongoka imene siitsata mapazi a anthu, mizere ya bulugamu, ndi malo a makona anayi amene akuoneka kuti anali minda ya kampani. Magomero anayamba ndi khofi, nalowa thonje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenaka fodya wolimidwa ndi anthu okhala pa esiteti, amene ankakakamizidwa kugulitsa kwa mwini malo. Pamalo awiri atilozera maziko a njerwa amene akuti panali zigafa ndi posikelira fodya. Tawalemba ngati zonena za anthu, podikira pepala lowatsimikizira.

Chimene sitidzachipeza pa mapu alionse ndi matchalitchi a udzu a anthu a Chilembwe. Eni esiteti ya Bruce sankalola sukulu kapena tchalitchi pamalo awo, ndipo zimene Akhristu a mishoni ya Chilembwe ya ku Mbombwe ankamanga, William Jervis Livingstone ankazitentha. Chinthu chomangidwa ndi udzu, chotenthedwa chisanathe chaka, pa malo a munthu amene sankafuna kuti chidziwike, sichingalowe pa mapu. Komatu zimenezi ndi zina mwa zimene zinautsa mkwiyo wa 1915. Ngati malo ake akudziwikabe, akudziwika m'mitu mwa zidzukulu za anthuwo, ndipo tayamba kufunsa m'mipingo ya Providence Industrial Mission (PIM), imene anayambitsa Chilembwe, ya m'derali.

Kusintha kwakukulu kwa midzi kukuoneka kuti kunadza nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams analangiza boma kuti ligule malo a maesiteti amene sankalimidwa n'kukhazikapo anthu. Njala ya 1949 itadutsa, mu 1952 boma linagula maekala pafupifupi 75,000 a esiteti ya Bruce, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Pa zithunzi za m'ma 1960 tikuona nyumba zina zitandandalikana mowongoka m'mbali mwa msewu, mosiyana ndi midzi ina imene nyumba zake zaunjikana m'timagulu ta mbumba. Okalamba a m'midzi yondandalikayo akuti makolo awo anachita kupimiridwa malo ndi alangizi a boma, nthawi yomweyo ya malimidwe, pamene anthu ankalipitsidwa chindapusa chifukwa cha mizere ndi migula. Apa zonena za anthu ndi chithunzi zikugwirizana, chatsala ndi kupeza fayilo ya kagawidwe ka malowo.

Sepitembala

Takhala pansi kukambirana za momwe mapu omaliza adzaonekere, ndipo tamanga mfundo ziwiri.

Yoyamba, bwinja lililonse lidzakhala ndi mtundu wosonyeza kukula kwa umboni wake. Limene likuoneka pa chithunzi cha m'ndege, anthu akulitchula, ndipo mapale tawaona, lidzakhala lofiira. Limene tangomva kwa anthu a mabanja awiri osiyana lidzakhala lachikasu. Limene watchula munthu mmodzi lidzakhala ndi mzere wodukizadukiza. Mmodzi mwa anyamata ankafuna kuti za munthu mmodzizo tizisiye, poti sizotsimikizika. Ine ndakana. Tikatero tidzakhala tikubwereza zomwe anachita oyeza malire a 1892, kusiya poyera pamene pakanayenera kukhala dzina. Bola kulemba n'kuonetsa poyera kuti umboni wake ndi wochepa.

Yachiwiri, manambala enieni a GPS a manda sitidzawaika pa intaneti. Adzakhala m'kope limene tidzasiye kwa mafumu. Pa mapu a aliyense tidzangosonyeza dera lake mongoyerekeza. Mayina a otiuza nkhani nawonso sadzatuluka pokhapokha eni ake atavomera pamaso pa a kubanja kwawo.

Tinapitanso ku Mbombwe, ngakhale kuli kunja kwa dera lathu, kukayeza pamene panali tchalitchi cha njerwa cha Chilembwe chimene asilikali anachigumula mu 1915. Mishoniyo anadzaitsegulanso Dr Daniel Malekebu mu 1926. Tikufuna kuona pa mapu kutalika kwa ulendo umene anthu a Chilembwe anayenda kupita ku Magomero usiku uja wa pa 23 Januwale 1915, ndi midzi imene anadutsamo.

Okutobala

Kwatentha, ndipo anthu ali kalikiliki kugalauza minda. Kwa ife ino ndi nyengo yabwino chifukwa udzu wapsa, nthaka yatembenuzidwa, mapale ali poyera. Mvula ikangogwa chimanga chidzaphimba zonse mpaka Meyi, ndiye masabata otsalawa tiwathera m'minda, za pa laputopu zidikire dzinja.

Pofika pano, mbali ya kumpoto, yotsata mtsinje wa Namadzi, tayenda yonse ndipo mabwinja ake alowa mu QGIS. Mbali ya kummwera tangoyamba kumene, ndipo mafumu awiri sitinaonane nawo chifukwa kunali zovuta m'midzi mwawo. Nyengo ya pakati pa 1862 ndi 1892 ndiyo yatsalira kwambiri pa mapu athu. Pamenepo tikudalira mibadwo ya mafumu: tikufunsa mudzi uliwonse kuti pampando padutsa angati, woyamba anaikidwa manda ati, ndipo anapeza ndani pamalopo. Midzi ya Amang'anja, ya Ayao ndi ya Alomwe ikuyankha mosiyana funso lomalizali, ndipo mayankhowo tikuwalemba monga anenedwera, osawakakamiza kuti agwirizane.

Zotsala mvula isanayambe ndi izi. Tibwerere kwa anganga aja ndi chojambulira mawu, poti ulendo woyamba tinangolemba m'kope ndipo iwo ali ndi mayina a akazi a mibadwo inayi amene analima munda umodzimodziwo. Tifufuze mabikoni a konkire amene anthu akuti alipo m'malire akale a esiteti chakummwera, tiwayeze, tione ngati akugwera pa mzere wa pa mapu. Tilembe kalata ku Edinburgh yofunsa zithunzi zoyambirira. Mu Disembala tidzabwerera ku Zomba kukafufuza mafayilo a kugulidwa kwa malo mu 1952 ndi mabuku a boma la Chiradzulu olembamo midzi ndi okhoma msonkho. A Gulupu atipatsa Loweruka loyamba la Novembala kuti tidzayale mapu oyeserera pabwalo, anthu adzaone ndi kukonza pamene talemba molakwika, ndiye sabata ino anyamata apita ku Limbe kukasindikiza mapepala aakulu anayi.